Kuphwanya nambala yaikulu pamanja: 492,660 kuyambira ku mchira mpaka ku ma prime ake

Mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso ku Zambia, akayandikira funso ili silisowa kwa ana a sukulu, ndipo nthawi zina limachokera kwa mlembi wa kopaletivu amene wagwira ndalama zoti agawire mamembala: "Nambala yaikulu chonchi ndidziwa bwanji zimene zimalowamo? Ndi prime kodi? Nanga ndi perfect square?" Njira yoyankhira ndi imodzimodzi nthawi zonse, ndiye nayi yalembedwa kamodzi. Tengani pensulo ndi pepala. Kakyuleta iikeni pambali, chifukwa mu Paper 1 ya masamu ya Giredi 12 simudzalowa nayo.

Tigwira nambala imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: 492,660. Mukhoza kuiyesa makwacha amene kopaletivu ya kwa Mpezeni yapeza itagulitsa soya, kapena makilo a chimanga amene ali pa depoti ya FRA, bungwe la boma logula chimanga. Masamu ake sasintha.

Mawu anayi muyenera kuwamva kaye, chifukwa m'kalasi amanenedwa m'Chingerezi ndipo ambiri amangowaloweza. Dijiti ndi chimodzi mwa zizindikiro khumi zija, 0 mpaka 9, zimene timalembera manambala. Factor ndi nambala imene imalowa mu inzake ndendende osasiya chotsala, monga 3 mu 12. Prime number ndi nambala yoposa 1 imene mulibe china cholowamo kupatula 1 ndi iyo yokha. Composite ndi nambala yoposa 1 imene si prime. Onani kuti 1 sali mbali iliyonse pa ziwirizi. Mukamulemba pa ma prime, malikisi apita.

1. Ilembeni bwino, madijiti atatuatatu kuyambira kumanja

492,660 ili ndi madijiti 6, magulu awiri: 492 ndi 660. Magulu amenewa tiwafuna pa gawo 4. Pokopera nambala anthu amataya ziro kapena kusinthanitsa madijiti awiri oyandikana, ndiye werengani madijiti kawiri musanayambe.

2. Yang'anani mchira

Dijiti yomaliza ikakhala 0, 2, 4, 6 kapena 8, nambalayo ndi even, 2 amalowamo. Ikakhala 0 kapena 5, amalowamo 5. Yathuyi yathera 0, choncho 2, 5 ndi 10 onse akulowa. Pomwepa funso limodzi latha kale: 492,660 si prime, ndi composite. Even imene ili prime ndi 2 yekha.

Za 4, tengani madijiti awiri omaliza. 60 ÷ 4 = 15, ndiye 4 akulowa. Za 8, tengani atatu omaliza: 660 ÷ 8 = 82, kutsala 4, ndiye 8 sakulowa. Chifukwa chake n'chakuti 4 amalowa mu 100 ndipo 8 amalowa mu 1,000, choncho zonse za kumanzere zagawika kale, chotsala n'kufunsa mchira wokha. Za 25 ndi chimodzimodzi: madijiti awiri omaliza akhale 00, 25, 50 kapena 75. Apa tili ndi 60, ndiye 25 sakulowa, 50 nayenso sangalowe. Akanakhala makilo a chimanga, matumba a 50 kg akanakwana 9,853 ndipo 10 kg ikanatsala m'ndowa.

3. Phatikizani madijiti onse

4 + 9 + 2 + 6 + 6 + 0 = 27. Ngati 3 akulowa m'chiwerengero chimenechi, akulowanso m'nambala yonse. Chimodzimodzi 9. Mu 27 onse awiri akulowa.

Msampha uli apa. Wina akaona 27 amasangalala n'kunena kuti 27 nayenso akulowa mu 492,660. Sakulowa. Lamuloli ndi la 3 ndi 9 basi, ndipo limagwira chifukwa 10, 100, 1,000 ndi anzawo onse ukawagawa ndi 9 amasiya 1. Kwa 27 zimenezo sizichitika.

Msampha wachiwiri ndi wophatikiza malamulo mosasamala. 2 ndi 3 akalowa, 6 walowa. 4 ndi 9 akalowa, 36 walowa. Koma 4 ndi 6 akalowa sizitanthauza kuti 24 walowa, chifukwa 4 ndi 6 ali pachibale, onse ali ndi 2 m'kati mwawo. Umboni ndi nambala yathu yomweyi: 4 akulowa, 6 akulowa, 24 ayi, popeza 8 anakana kale. Chulukitsani okhawo amene alibe factor yofanana.

4. Yesani 7, 11 ndi 13 pakamodzi

Mabuku ambiri amapereka lamulo la 7 lovuta kukumbukira, ena amangolumpha. Pali njira yabwino kuposa imeneyo, yochokera pa mfundo yakuti 7 × 11 × 13 = 1,001.

Tengani magulu awiri aja, chotsani laling'ono pa lalikulu: 660 − 492 = 168. Tsopano funsani 168 m'malo mwa nambala yonse. 168 ÷ 7 = 24 ndendende, ndiye 7 akulowa mu 492,660. 168 ÷ 11 kutsala 3, 168 ÷ 13 kutsala 12, ndiye 11 ndi 13 sakulowa.

Si matsenga. 492 × 1,001 = 492,492, ndipo m'nambala imeneyi 7, 11 ndi 13 onse amalowa. Mukaichotsa pa 492,660 patsala 168. Ndiye chimene chingalowe mu 168 ndicho chingalowe mu yonse. Nambala ikakhala ndi magulu atatu kapena kuposa, yambani kumanja, muzisinthasintha kuchotsa ndi kuphatikiza. Kwa 12,345,678 ndi 678 − 345 + 12 = 345, ndipo mu 345 mulibe 7, 11 kapena 13 wolowamo.

5. Tsikani makwerero

Tsopano gawani, kuyambira pa prime yaing'ono kwambiri, ndipo musaisiye mpaka itakana.

492,660 ÷ 2 = 246,330
246,330 ÷ 2 = 123,165
123,165 ÷ 3 = 41,055
41,055 ÷ 3 = 13,685
13,685 ÷ 5 = 2,737
2,737 ÷ 7 = 391

Pa mzere uliwonse malamulo a pamwamba aja amakuuzani ngati mupitirize. 123,165 yathera 5, ndiye 2 watha. Madijiti a 13,685 akupanga 23, ndiye 3 watha. 2,737 yathera 7, ndiye 5 watha. Gawani ndi ma prime okhaokha. Mukagawa ndi 10 kapena 6 kuti mufulumire, mudzaiwala kuwaphwanya pomaliza.

6. Chotsala chija: apa ndi pamene ambiri amagwa

Tafika pa 391. Ndi odd, sithera 5, madijiti ake akupanga 13. Mwana wasukulu amaiyang'ana, imaoneka youma, n'kulemba kuti ndi prime. Zolemba zambiri za pa intaneti nazo zimasankha zitsanzo zimene zimathera pa 7 kapena 11, kotero wowerenga samaona konse chimene angachite makwerero akaima pa nambala yachilendo. Maonekedwe a nambala sanena kanthu. 51 ndi 3 × 17. 91 ndi 7 × 13. 119 ndi 7 × 17. 221 ndi 13 × 17. 323 ndi 17 × 19. Zonsezi zimaoneka zouma ngati 391, koma zonse zimasweka.

Funso lenileni ndi ili: ndiyese mpaka pati ndisanaleke?

Ma factor amayenda awiriawiri. Taonani 36: 1 × 36, 2 × 18, 3 × 12, 4 × 9, 6 × 6. Pa awiri alionse mmodzi ndi wamng'ono, mnzake wamkulu, ndipo amakumana pa 6, amene ndi square root ya 36. Onse awiri sangapose square root, chifukwa mukawachulukitsa angapitirire nambalayo. Choncho ngati nambala ili ndi factor, wamng'onoyo ali pa square root kapena kumunsi kwake. Mukafufuza mpaka pamenepo osapeza kanthu, kutsogolo kulibe kanthu.

Simufunika square root yeniyeni, mpanda wake wokha ndi wokwanira. 19 × 19 = 361, 20 × 20 = 400. 391 ili pakati, ndiye ma prime oyenera kuyesa ndi osapitirira 19. Ndipo 2, 3 ndi 5 tathana nawo, sitibwererako. Koma 7 ayesedwenso, chifukwa walowa kamodzi ndipo sanakane.

391 ÷ 7 = 55, kutsala 6
391 ÷ 11 = 35, kutsala 6
391 ÷ 13 = 30, kutsala 1
391 ÷ 17 = 23 ndendende

Yasweka. 391 = 17 × 23, ndipo 23 ndi prime. Amene analekera pa 13 anatsala sitepe imodzi yokha.

Onani zinthu ziwiri. Choyamba, mpanda umawerengedwa pa chotsala, pa 391, osati pa nambala yoyamba ija. Square root ya 492,660 ili pakati pa 701 ndi 702, koma palibe chifukwa choyesera mpaka 701. Nthawi iliyonse mukagawa, mpanda umayandikira. Chachiwiri, musamayese 9, 15, 21 ndi ena otero. 3 akakana, ana ake onse akana.

Tsopano chitsanzo chimene chotsala chilidi prime. Tengani 1964, chaka chimene Zambia inalandira ufulu. 1964 ÷ 2 = 982, 982 ÷ 2 = 491. 22 × 22 = 484 ndipo 23 × 23 = 529, ndiye tiyesa mpaka 19. Madijiti akupanga 14, 3 wakana. Sithera 0 kapena 5. 7 akusiya 1, 11 akusiya 7, 13 akusiya 10, 17 akusiya 15, 19 akusiya 16. Wotsatira ndi 23, amene wadumpha mpanda. Apa pokha ndi pamene muli ndi ufulu wolemba kuti 491 ndi prime, ndipo 1964 = 2 × 2 × 491.

Ntchito imeneyi imafuna kuti ma prime ang'onoang'ono akhale pamutu. Kumunsi kwa 100 alipo 25: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29, 31, 37, 41, 43, 47, 53, 59, 61, 67, 71, 73, 79, 83, 89, 97. Ndi amenewa mukhoza kuweruza nambala iliyonse yosafika 10,000. Mukawaiwala, asefeni monga anachitira Eratosthenes, woyang'anira nyumba ya mabuku ya ku Alexandria zaka zoposa 2,200 zapitazo. Lembani 2 mpaka 100. Siyani 2, fafanizani ana ake onse. Siyani 3, fafanizani ana ake. Chimodzimodzi 5 ndi 7. Zotsala pa sefa ndiwo ma prime, ndipo mwalekera pa 7 chifukwa 11 × 11 wapitirira 100. Ndi lamulo la mpanda lomwe lija.

Ena anamva kuti prime iliyonse yoposa 3 imakhala pafupi ndi nambala ya mu tebulo ya 6, kutsogolo kapena kumbuyo ndi 1. N'zoona, ndipo zimathandiza kukumbukira oyenera kuyesa. Koma musazitembenuze. 391 ndi 6 × 65 + 1, 91 ndi 6 × 15 + 1, 25 ndi 6 × 4 + 1, ndipo palibe prime pamenepo.

Pali kanjira kachidule kamene kamagwira ma factor awiri akakhala oyandikana, kodziwika ndi dzina la Pierre de Fermat wa ku France, wa m'zaka za m'ma 1600. Pezani perfect square (chotuluka mukachulukitsa nambala ndi iyo yomwe, monga 20 × 20 = 400) yoyamba yoposa nambala yanu, chotsani, muone ngati chotsalacho nachonso ndi perfect square. 400 − 391 = 9, ndipo 9 ndi 3 × 3. Ndiye 391 = 20² − 3² = (20 − 3)(20 + 3) = 17 × 23. Ndi difference of two squares yomwe ija ya mu algebra, yangovala malaya ena. 899 = 900 − 1 = 29 × 31. 2021 = 2025 − 4 = 43 × 47. Pa 2021 njira yogawa ikanakutengerani mpaka 43, prime ya nambala 14 pa mndandanda uja, musanapeze kanthu. Yesani kanjiraka kawiri kapena katatu ndi ma perfect square otsatira, kakakana bwererani kogawa. Kukana kwake pa maulendo ochepawo si umboni wakuti nambalayo ndi prime.

7. Bwererani mmbuyo mutsimikize

492,660 = 2² × 3² × 5 × 7 × 17 × 23

4 × 9 × 5 × 7 = 1,260. 1,260 × 391 = 1,260 × 400 − 1,260 × 9 = 504,000 − 11,340 = 492,660. Zagwirizana. Nambala iliyonse yoposa 1 imaphwanyika m'ma prime mwa njira imodzi yokha, ndiye mnzanu akapeza ma prime ena osiyana ndi anu, mmodzi wa inu walakwitsa pogawa.

8. Kololani mayankho pa mzere umenewo

Mzere wa pamwambawu ukapezeka, mafunso otsala onse ndi ongowerenga.

Ma factor onse alipo angati? Tengani ka nambala kakang'ono kali pamwamba pa prime iliyonse, ka power, muwonjezere 1, kenako muchulukitse zonse. Prime imene ilibe kolembedwa ili ndi power 1. Ndiye 3 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 = 144. Mumawonjezera 1 chifukwa popanga factor mukhoza kutenga 2 kawiri, kamodzi, kapena osamutenga n'komwe, njira zitatu. Mu 144 amenewa muli 1 ndi 492,660 yomwe. Funso likati "kupatula iyo yokha", yankho ndi 143.

Ndi perfect square? Pokhapokha ma power onse atakhala even. Apa 5, 7, 17 ndi 23 ali ndi power 1, ndiye ayi. Mchira ukanakuuzaninso msanga: perfect square sithera 2, 3, 7 kapena 8, ndipo ikathera ziro, maziro amakhala awiri, anayi, osati mmodzi. Mayeso amakonda kufunsa nambala yaing'ono kwambiri yochulukitsa nayo kuti ikhale perfect square. Tengani ma prime opanda mnzawo aja: 5 × 7 × 17 × 23 = 13,685. Chotuluka chimakhala 82,110 × 82,110. Pa perfect cube, monga 27 = 3 × 3 × 3, lamulo ndi lomwelo, koma ma power akhale olowamo 3.

Nanga mamembala akhale angati kuti K492,660 igawike popanda chotsala? Phwanyani chiwerengero cha anthu, muone ngati zidutswa zake zonse zili pa mzere uja. 34 ndi 2 × 17, zilipo, aliyense K14,490. 46 ndi 2 × 23, aliyense K10,710. 36 ndi 2² × 3², aliyense K13,685. 40 ndi 2³ × 5, akufuna ma 2 atatu pamene tili ndi awiri, ndiye 40 si factor. Ndalama zikhoza kugawikabe chifukwa kwacha ili ndi ngwee, aliyense K12,316.50, koma matumba a feteleza kapena mbuzi sizidulidwa pakati, ndipo pa mayeso 40 akhalabe wolakwa.

9. Perfect, abundant kapena deficient

Mitundu itatu iyi imachokera pa kuphatikiza ma factor onse a nambala kupatula iyo yokha. Zikakwana ndendende nambalayo, ndi perfect: 6 = 1 + 2 + 3, ndipo zotsatira ndi 28, 496 ndi 8,128. Musasokoneze perfect number ndi perfect square, n'zosiyana kotheratu. Zikapitirira, ndi abundant, monga 12 amene ma factor ake akupanga 16. Zikaperewera, ndi deficient, ndipo prime iliyonse ili m'gulu limeneli popeza ili ndi 1 yekha.

Palibe amene angakhale pansi kuphatikiza ma factor 143 mmodzimmodzi. Pa prime iliyonse phatikizani 1 ndi ma power ake onse, kenako muchulukitse: (1 + 2 + 4)(1 + 3 + 9)(1 + 5)(1 + 7)(1 + 17)(1 + 23) = 7 × 13 × 6 × 8 × 18 × 24 = 1,886,976. Chotsanipo nambalayo, gawo limene ambiri amaliiwala: 1,886,976 − 492,660 = 1,394,316. Zapitirira kutali, ndiye 492,660 ndi abundant.

Ngati funso likungofuna dzina la mtundu, simufunika zonsezi. Nambala iliyonse yoposa 6 imene 6 amalowamo ndi abundant, chifukwa theka lake, gawo lake lachitatu ndi gawo lake lachisanu ndi chimodzi zikaphatikizidwa zakwana kale nambalayo, ndipo 1 akungowonjezera pamwamba. Tinadziwa pa gawo 3 kuti 6 akulowa. Musaganize kuti abundant zonse ndi even, ngakhale odd yoyamba imachedwa kufika: ndi 945.

10. Nambala ikakula kupitirira pepala

Mukakhala kunja kwa mayeso n'kutenga makina, samalani ndi malire ake. Kakyuleta yoonetsa madijiti khumi ikhoza kukuonetsani 10,000,000,001 ÷ 2 ngati 5,000,000,001, yankho looneka lathunthu pamene lenileni likuthera .5. Pulogalamu ya pa kompyuta ya Excel imasunga madijiti 15 okha, otsatirawo imawasandutsa maziro osakuuzani. Chotuluka chilichonse muchichulukitse mobwerera, kapena muyese ndi malamulo a mchira ndi a madijiti, amene satopa ndi kutalika kwa nambala.

Njira yogawa nayo ili ndi malire. Nambala yosafika 1,000,000 imafuna ma prime osafika 1,000, ndipo alipo 168. Madijiti awiri alionse owonjezera amakankhira mpanda kutali kakhumi. Ikafika pa madijiti mazanamazana, yopangidwa ndi ma prime awiri akuluakulu, ngakhale makompyuta amphamvu amalephera kuiphwanya, ndipo loko ya RSA ya mu 1977, imene imateteza zinsinsi zambiri pa intaneti, inamangidwa pa kulephera kumeneku. Kudziwa kuti nambala ndi prime n'kosavuta kwa makina kusiyana ndi kuiphwanya, chifukwa pali mayesero ena osadalira kugawa. Ndi mayesero otere mu Okutobala 2024 gulu la GIMPS, losaka ma prime akuluakulu ndi makompyuta, linatsimikiza prime ya madijiti 41,024,320, imene ndi 2 wa power 136,279,841 kuchotsapo 1. Imeneyo si yomaliza. Euclid, katswiri wa masamu wachigiriki, anaonetsa kalekale kuti ma prime alibe mapeto.

Kuti muone kulemera kwa gawo 6 ndi manja anu, tengani 100,003. Mchira ukukana 2 ndi 5. Madijiti akupanga 4, 3 wakana. 100 − 3 = 97, ndiye 7, 11 ndi 13 akana pakamodzi. 316 × 316 = 99,856 ndipo 317 × 317 = 100,489, choncho prime yomaliza kuyesa ndi 313. Kuyambira 2 mpaka 313 ma prime alipo 65, ndipo 6 mwathana nawo osagawa. Otsala 59 aja, kuyambira 17, agawaneni ndi anzanu atatu pa benchi, aliyense alembe chotsala cha kugawa kulikonse kuti wina athe kumuyang'anira. Onse 59 akasiya chotsala, mwatsimikiza prime yaing'ono kwambiri ya madijiti 6.